Momwe mungasungire galu wanu kuti asadzaphe munthu

Galu akapha mwana pamudzi, anthu amathamangira kumugenda, mwini wake n'kumangoti, "Sanachitepo zimenezi." Koma amene anasiya geti lotsegula ndi munthu, amene anazengereza katemera ndi munthunso. Kaya muli ku Moatize, ku Ulongwe kapena ku Furancungo, ngati pakhomo panu pali galu, chitani izi.

Yambani ndi katemera wa chiwewe. Kagalu kakakwanitsa miyezi 3 kabayitseni, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi chuma m'boma lanu, musachite kudikira 28 Seputembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira.

Kenako zungulirani mpanda wanu, mutseke pamene galu anakumba. Usiku mukamumasula, geti likhale lokhoma mpaka ana a sukulu atadutsa m'mawa.

Chachitatu ndicho chimandipweteka mtima. Lekani kulusitsa galu dala. Ndinaona galu wina mumzinda wa Tete ali pa unyolo waufupi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mbale ya madzi itauma gwa, khosi litanyuka. Mwini wake ankanyadira kuti akuba amamuopa. Galu wotere tsiku limene adzadule unyolo sadzasankha wakuba, adzagwira mwana wobwera kudzapempha moto. Mupatseni mthunzi, madzi ndi chakudya chokwanira, ndipo kuyambira ali wamng'ono azolowere anthu. Ngati simungathe kumugwira ndi dzanja lanu, galu wamphamvu wa mtundu wa Boerboel kapena pitbull musagule.

Mwana wamng'ono musamusiye yekha ndi galu, makamaka galuyo akamadya kapena akamayamwitsa.

Akaluma munthu, musabise. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo phulusa kapena ubweya wowotcha. Mutengereni wolumidwayo kuchipatala tsiku lomwelo, thiransipoti mulipire inuyo, ndipo mutenge khadi la katemera wa galuyo. Dziwitsani amfumu ndi a ziweto. Galuyo mutsekereni masiku 10 mukumuyang'anira. Akayamba kuchucha dovu, kuluma zilizonse kapena akafa, kauzeni achipatala nthawi yomweyo.