Kuphunzitsa mbiri ya Kim Dae-jung ndi chingwe ndi tinyumba tiwiri

Ana a sekondale kuno ku Thyolo akamva za Korea, ambiri amaganiza za mafoni a Samsung kapena mizinga ya Kim Jong-un. Inu aphunzitsi amene mukufuna kuwaonetsa momwe South Korea idachokera mu ulamuliro wa asilikali, gwiritsani ntchito moyo wa Kim Dae-jung, pulezidenti wa dzikolo kuyambira 1998 mpaka 2003. Pamafunika mapiriyodi awiri otsatizana, ndipo zipangizo zake n'zapamudzi pomwe.

Pezani chingwe cha mamita 9, zopanira zovala 15, mapepala olimba, makatoni awiri, udzu wofolerera wodzaza manja awiri ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira. Pachingwepo masentimita 10 aimire chaka chimodzi. Kim adabadwa mu 1924 n'kumwalira pa 18 August 2009, choncho moyo wake utenga mamita 8.5. Timapepala tisapose masentimita 8 m'lifupi, apo ayi tiphimbana pamene zochitika zathithikana.

Yambani ndi dzina musanamange n'komwe chingwe. Ku Korea dzina la mtundu limakhala koyamba, ndipo a Kim ndi ochuluka ngati a Phiri kwathu kuno. M'nkhaniyi muli atatu: Kim Dae-jung, mnzake wopikisana naye Kim Young-sam, ndi Kim Jong-il, yemwe adali mtsogoleri wa North Korea. Sipali ubale. Mukadumpha izi, pamayeso mwana adzakulemberani kuti munthu mmodzi yemweyo adalamulira mayiko onse awiri. Mudzapezanso mabuku ena akunena kuti adabadwa mu 1925, chifukwa zikalata za boma zidalemba chaka chimenecho. Sankhani 1924 ndipo muwauze ana chifukwa chake.

Katoni yoyamba ikhale nyumba imene adabadwira, m'mudzi wa Hugwang pachilumba cha Haui-do, kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Kumeneko amapitako pa sitima ya pamadzi kuchokera mumzinda wa Mokpo. Nyumbayo idamangidwanso mu 1999 monga idalili kale, yaifupi ndi yofolera ndi udzu. Dulani udzu masentimita 15, mumate kuyambira m'munsi mwa denga kukwera m'mwamba monga amachitira ofolera, kenaka mupingase ulusi pamwamba, pakuti m'zilumba za mphepo amamanga denga ndi zingwe. Phala likhale lolimba. Likakhala lamadzimadzi katoni imafewa, ndipo nyengo ya chiperoni siiuma n'komwe, imangochita nkhungu. Matani kutatsala masiku atatu.

Pamenepa musathamange. Alimi a ku Haui-do adalimbana zaka zoposa 300 kuti minda imene ankalima ikhale yawo, osati ya mabanja olemera okhala kutali. Mwana amene amadutsa m'minda ya tiyi tsiku lililonse popita kusukulu, kwawo kuli kamunda kosakwana ekala, safunika kumumasulira zambiri. Mufunseni, ayankhula yekha.

Katoni yachiwiri ndi nyumba ya ku Donggyo-dong mumzinda wa Seoul, kumene apolisi ankamutsekera osamulola kutuluka kambirimbiri. Imeneyi isakutayitseni nthawi, chofunika ndi geti. Pageti lenilenilo padali zikwangwani ziwiri moyandikana, china cha dzina lake, china cha mkazi wake Lee Hee-ho, yemwe adali womenyera ufulu wa amayi. Lembani maina awiriwo, ndipo ana awiri aime pambali ngati apolisi.

Tsopano pachikani timapepala. Pa mamita 3.7 ndi 1961: adapambana mpando wa phungu, koma patangopita masiku ochepa mkulu wa asilikali Park Chung-hee adalanda boma pa 16 May, nyumba ya malamulo n'kuthetsedwa. Pa 4.7 ndi 1971, pamene adapikisana ndi Park pa upulezidenti n'kupeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse. Pa 4.9 ndi 8 August 1973: akazitape a boma la South Korea adamugwira muhotela ku Tokyo, n'kumukweza m'boti atamumanga, ndipo adamusiya pafupi ndi nyumba yake ku Seoul patatha masiku asanu. Pa 5.6 ndi 1980, chaka chimene asilikali adapha anthu ochita zionetsero ku Gwangju, iye n'kuweruzidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa, adapita ku America mu 1982, n'kubwerera mu 1985. Adagonjanso mu 1987 ndi mu 1992, n'kudzapambana mu December 1997, pa mamita 7.3. Pa 7.6 ndi 2000: adakumana ndi Kim Jong-il ku Pyongyang mu June, ndipo chaka chomwecho adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel.

Ana aone okha kutalika kwa chingwe kuchokera pa 4.7 kufika pa 7.3. Ndi zaka 26 zimenezo.

Kunsi kwa chingwe pachikani timapepala ta mtundu wina ta kwathu. Pa 5.9 ikani 1983, pamene Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adaweruzidwa kuti aphedwe. Pa 6.8 ikani 1992: kalata ya mabishopu, kumangidwa kwa Chakufwa Chihana, ndi imfa ya Orton m'ndende ya Zomba. Pa 6.9 ikani referendamu ya pa 14 June 1993. Funso loti ana akambirane m'magulu a asanu ndi ili: n'chiyani chidapulumutsa Kim chimene Orton adachisowa? Koma chenjerani, kalasi ikangoyamba kutchula zipani za lero, phunziro lasanduka msonkhano wa ndale. Auzeni poyambirira kuti kukambirana kukuthera pa 1994.

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'kumusandutsa woyera. Sungani zopanira ziwiri zomaliza. Chimodzi chikhale cha 1987, pamene iye ndi Kim Young-sam adakana kusiyirana, mavoti otsutsa n'kugawikana, mpaka Roh Tae-woo, yemwe adali mkulu wa asilikali, n'kupambana. China chikhale cha 2002, pamene ana ake aamuna awiri adamangidwa pa milandu ya katangale bambo wawo akadali pampando. Mukamaliza, kulungani chingwecho pakamtengo timapepala tili pomwepo, ndipo tinyumbato musunge pamwamba pa kabati, kutali ndi chiswe.