Kakongoletsedwe ka Mbale Monga Amachitira ku Kamakura

Amisiri a ku Kamakura, ku Japan, amasema maluwa pa thabwa la mtengo wa katsura asanalipake utomoni wa mtengo wa urushi, umene umagwira ntchito ngati vanishi. Inunso yambani ndi kusema duwa pa mbale yanu yamtengo, koma musasalaze mabala onse a tchizulo, pakuti ndiwo amachititsa kuti duwa lioneke lamoyo.

Valani magolovesi, chifukwa utomoni wauwisi umatulutsa zidzolo zoyabwa kwambiri. Pakani wakuda mopyapyala kangapo, mukudikira kuti ulimbe musanabwereze, kenaka pakani wofiira ndi kupukuta modekha.

Urushi suuma ndi dzuwa, umalimba m'mpweya wofunda wachinyezi, choncho nyengo ya dzinja kuno ku Mulanje imatikomera. Mu Okutobala, kukauma, ikani mbaleyo m'bokosi lotseka pamodzi ndi nsalu yonyowa, ndipo fumbi lisagwerepo.