Ukapita ku audition ya filimu, zichite chonchi

Amene mukufuna kulowa mufilimu kuno ku Blantyre, choyamba jambulani kavidiyo kanu pafoni, ka mphindi imodzi basi, mutaima pakhoma losalembalemba, kuwala kwa windo kuzikumenyani kumaso osati kumsana, foniyo muigoneke chopingasa. Tchulani dzina, zaka, zilankhulo zomwe mumatha, kenako sewerani kagawo kamodzi. Kasungeni, ma audition (mayeso osankhira anthu osewera mufilimu) ambiri masiku ano amalengezedwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndipo akati tumizani sadikira kuti mupeze kaye bandulo.

Tsiku la audition nyamukani m'mamawa, minibasi ya ku Bangwe kapena Ndirande sidzadza pa nthawi yanu. Malaya a mizeremizere asiyeni, pa kamera amavinavina. Akakupatsani sikilipiti, pepala la mawu oti muyankhule, werenganinso mawu a mnzanu amene mukusewera naye, osangoloweza anu okha.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa, makamaka ochokera ku ma drama a kusukulu ndi kutchalitchi, amakuwa ngati akuyankhula ndi munthu wakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo. Kamera ili pompo, imaona ngakhale kuphethira, ndiye tsitsani mawu, manja asamaulukeuluke, maso pa amene mukuyankhulana naye osati pa lenzi. Dayilekita akati bwerezani mwamtundu wina sikuti mwalakwa ayi, akungofuna aone ngati mumamva malangizo.

Ntchito yoyamba mwina ikhala yongodutsa kumbuyo kapena advert ya pa MBC kaya Times TV, itengeni, ojambula amakumbukira munthu wosunga nthawi. Koma za malipiro funsani musanayambe kujambula, ndipo zilembedwe. Wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akusankheni, kapena woti audition ili ku loji usiku mubwere nokha, ameneyo ingomublokani.