Momwe mungathyolere therere kuti libale nthawi yaitali

Therere lobala limakonda kutentha, n'chifukwa chake limachita bwino ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje kuposa kumtunda kozizira kwa Bembeke. Koma ngakhale kotenthako mumamva alimi akudandaula kuti lasiya msanga kubala. Kawirikawiri vuto si feteleza ayi, ndi kathyoledwe.

Chakudya chomwe masamba amapanga chimagawidwa ku mizu, tsinde, maluwa ndi zipatso. Chipatso chikayamba kukhwimitsa njere chimatenga gawo lalikulu, ndipo mbewuyo imachepetsa kukula ndi kutulutsa maluwa atsopano. Ntchito yanu n'kuletsa zimenezi.

Choyamba, onani msinkhu wa mbewu pamene maluwa oyamba akutuluka, patatha masabata 6 mpaka 8 chibzalire. Ngati ndi yonyozoloka, yosafika ndi m'bondo momwe, thotholani maluwa awiri kapena atatu oyambawo. Mtima umawawa, inde, koma mphamvu imapita ku mizu ndi tsinde, ndipo mbewuyo imadzasenza zipatso itakhazikika. Yonenepa kale isiyeni, kuithothola n'kungochedwetsa ndiwo.

Chachiwiri, ndipo nkhani yagona apa, musamalekeze kuthyola. Duwa la therere limamasula m'mawa n'kufota tsiku lomwelo, ndipo pakatha masiku 4 mpaka 6 therere limakhala lafika podya. Choncho muzilowa m'munda pakatha masiku awiri kapena atatu, muzidula ndi mpeni likadali lotalika ngati chala. Pindani kansonga: kakathyoka ndiye kuti ndi lanthete, kakangopindika ndiye kuti lakhwima. Valani malaya a manja aatali, paja limayabwa.

Ena amalisiya dala kuti likule, lidzadzaze beseni pa tsiku la msika ku Lizulu. Uku n'kudzibera nokha. Ogula safuna therere lolimba, pomwenso mbewu ija mwaiuza kuti ntchito yatha.

Chachitatu, funyululani masamba. Therere lokhwima limene linabisala lichotseni ndithu ngakhale simulidya, chifukwa likatsala limapitiriza kulanda chakudya cha maluwa.

Nanga njere zodzabzala chaka chamawa? Sankhani mbewu zingapo zathanzi kumapeto kwa mzere, muzimange kansalu kuti ana asathyoleko, ndipo muzisiye mpaka zipatso zake ziume n'kuyamba kung'aluka. Zimenezo zokha ndizo zikhwimitse njere.