Momwe mungasankhire TV yaikulu yolumikiza ku kompyuta

M'timashopu tolembera makalata ndi topanga makadi aukwati pa boma la Dedza ngakhalenso ku Ntcheu, anthu ayamba kulumikiza kompyuta ku TV m'malo mogula sikirini yapadera. Nzeru yake njabwino, poti TV sivuta kupeza ndipo madzulo muonerapo mpira. Kungoti TV anaipangira munthu wokhala chapatali, pomwe inu mudzakhala nayo pamphuno mukuwerenga tizilembo.

Yambani ndi timadontho topanga chithunzi, kukula kubwere pambuyo. Ma TV ambiri a mainchesi 32 olembedwa HD Ready ali ndi timadontho 1366 x 768 basi. Filimu imaoneka bwino, koma tsegulani Excel muone, manambala amachita kukhakhala m'mphepete. Full HD, ya 1920 x 1080, imakwanira pa mainchesi 32, koma ikafika pa 43 zilembo zimayamba kumwazika. Kwa ine, yoyenera patebulo ndi ya mainchesi 43 ya 4K, yomwe ndi 3840 x 2160. Imeneyi ili ngati masikirini 4 a Full HD a mainchesi 21.5 oikidwa pamodzi. Za 55 ndi 65 zisiyeni pabalaza, apo bii khosi lidzakusimbirani.

Kenako yang'anani kompyuta yanuyo, chifukwa apa mpomwe ndalama zambiri zimatayikira. Polowetsera chingwe pa HDMI 1.4 pamatumiza 4K pa liwiro la zithunzi 30 pa sekondi, ndipo kamuvi ka mouse kamayenda modukizadukiza. Pamafunika HDMI 2.0 kuti zifike 60, chingwenso chikhale chokwanitsa zimenezo. Malaputopu ambiri akale sangathe. Ngati yanu ili ndi VGA yokha, kabowo ka buluu kaja, iwalani za 4K, gulani Full HD, ndalama zotsalazo mugulire pepala ndi inki.

Tsiku logula nyamulani laputopu ndi chingwe chanu, kaya mukugula pa boma pomwepo kaya mukwera minibasi mpaka ku Lilongwe. Wogulitsa adzakuikirani vidiyo ya maluwa owala, imeneyo siikuuzani kanthu. Mupempheni mwaulemu kuti mulumikize makina anu. Dinani Windows ndi P, sankhani Extend kapena Duplicate, tsegulani Word, lembani tizilembo tofiira tating'ono pamalo a buluu, ndipo yandikirani. Tikaoneka ngati tathiridwa madzi, ndiye kuti TV ikuchepetsa mitundu. Tengani rimoti, sinthani dzina la polowera HDMI likhale PC. Pa Samsung ndi LG ambiri zimenezi zimatsegula chomwe akatswiri amati 4:4:4, kutanthauza kuonetsa mitundu yonse mosachepetsa, ndipo zilembo zimawongoka nthawi yomweyo. Zikakanika, yesani TV ina. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani shopu ina.

Mukadali pomwepo, gwedezani mouse. Kamuvi kakamatsalira m'mbuyo, yatsani Game Mode pa TV. M'mphepete mwa chithunzi mukadulidwa, batani la Start osaoneka, funani Just Scan pa LG kapena Fit to Screen pa Samsung. Zilembo zikachepetsa, kwezani Scale ya mu Windows ifike 150%.

Za magetsi musazinyalanyaze. Akamabwera atathima amatha kubwera ndi mphamvu, choncho gulani chotetezera chapasoketi, ndipo nyengo ya ziphaliwali zulani pulagi. Amene mumadalira sola, monga ambiri a kumidzi ya ku Lizulu ndi Tsangano, werengani ma watts olembedwa pa kapepala ka kumbuyo kwa TV, muphatikize ndi a kompyuta, muone ngati batire ndi inverter yanu zingapirire tsiku lonse.

Tengani lisiti lolembapo nambala ya TV-yo ndi miyezi ya walanti. Katoni musataye, ndipo mu minibasi kondakitala asaigoneke TV pansi pa matumba a mbatatesi. Iyende choimirira, mwaigwira nokha.