Kuchotsa ng'ala pa diso la pseudoexfoliation

Mwa agogo amene amabwera ndi ng'ala kuchokera ku Makanjira, Namwera kapena Monkey Bay, ena amakhala ndi vuto lina lobisika m'diso lomwelo. Dzina lake ndi pseudoexfoliation, ndipo anayamba kulifotokoza ndi John Lindberg wa ku Finland mu 1917. M'diso mumapangika tinthu toyera tonga gaga. Timamatirira pa kathumba ka lenzi, m'mphepete mwa mwanadiso, ndi pa timinyewa togwira lenzi totchedwa zonule, ndipo timinyewato timafooka. Opaleshoni ikayenda bwino, odwalawa amaona ngati ena onse. Zimasokonekera kwambiri dokotala akatulukira vutoli mpeni uli kale m'diso.

Yambani kuyang'ana pa slit lamp, makina ounikira ndi kukulitsa diso, musanadontheze mankhwala. Uzani agogowo ayang'ane kumbali kenako kutsogolo, muone ngati lenzi ikunjenjemera. Mankhwala otanula mwanadiso amakoka timinyewa tija, kunjenjemerako n'kubisika. Kenako donthezani mankhwala otanulawo, tropicamide 1% ndi phenylephrine 2.5%, mudikire mphindi 30. Pa kathumba mudzaona kabwalo kotuwa pakati, mzere woyera bwino mozungulira, ndi gaga wina kunja kwake. Ng'ala ikayereratu, monga zimakhalira ndi amene achedwa kubwera, zimenezi sizioneka msanga. Zikatero, yang'anani gagayo m'mphepete mwa mwanadiso. Lembani kukula kwa mwanadiso: akapanda kufika mamilimita 6, konzekerani. Yezani presha ya maso onse awiri, pakuti gaga yemweyu amatseka njira yotulukira madzi n'kuyambitsa glaucoma, matenda owononga mtsempha woonera. Yabwino ndi 10 mpaka 21 mmHg.

Lenzi ikamanjenjemera moonekeratu, ndipo mulibe chida chodulira vitreous (madzi onanda odzaza kumbuyo kwa lenzi) kapena lenzi yapadera yoika kutsogolo kwa iris (gawo la mtundu lozungulira mwanadiso), musayambe. Tumizani wodwalayo ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First ku Blantyre. Koma musawauze kuti adikire ng'ala ikhwime. Ikamakhwima imalimba, timinyewa tikupitirira kufooka.

M'chipinda cha opaleshoni, ntchito yonse ndi yoteteza timinyewa totsalato. Mwanadiso akakana kutanuka, yesani viscoelastic (mankhwala onanda othira m'diso pa opaleshoni) ndi adrenaline wosungunula. Zikakanika, ikani iris hook (timbedza tokokera iris) zinayi kapena mucheke pang'onopang'ono m'mphepete mwake. Kutulutsa ng'ala yolimba kudzera pa mwanadiso wothina ndiko kumang'amba kathumba. Pakani trypan blue, utoto wothandiza kuti kathumba kaoneke. Kathumba kakamachita makwinya mukamakaboola, ndiye kuti zonule ndi zofooka kuposa momwe munaganizira. Bowo likhale la mamilimita 5.5 mpaka 6, ndipo pa MSICS (opaleshoni yotulutsa ng'ala ndi manja pa bala laling'ono), ng'ala ikakhala yofiirira ndi yaikulu, likulitseniko. Thirani madzi olekanitsa lenzi ndi kathumba mofatsa, m'malo angapo, mpaka lenzi izizungulira yokha. Musaikakamize. Potsuka zotsalira za lenzi, kokani chammbali, osati molunjika pakati, chifukwa kukokera pakati kumadula timinyewa.

Mphete yolimbitsa kathumba, CTR, imathandiza ngati timinyewa taduka pa gawo laling'ono, losaposa maola atatu kapena anayi mukaliona diso ngati wotchi. Kathumba kakang'ambika, musaiike. Ikhoza kugwera kumbuyo kwa diso. Vitreous ikatuluka, iduleni yonse kufikira mwanadiso abwerere kukhala wozungulira. Pomaliza tsukani viscoelastic yense, chifukwa wotsalira ndiye amakweza presha usiku woyamba.

Yezani presha tsiku lotsatira wodwala asanakwere galimoto yobwerera kwawo. Presha ikakwera, perekani timolol 0.5% kawiri pa tsiku, kupatula kwa a mphumu, kapena acetazolamide 250 mg kwa masiku ochepa. Maso amenewa amatupa kuposa ena, choncho mankhwala a steroid apitirire masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, mukuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo kumbukirani kuti steroid nayenso amakweza presha mwa ena. Kuno Asilamu ndi ambiri, ndiye m'mwezi wa Ramadan funsani ngati agogo akusala. Ena amangosiya kudontheza osanena. Timolol akhoza kudonthezedwa m'bandakucha ndi dzuwa litalowa, koma acetazolamide amakodzetsa, ndipo sayenera munthu amene sakumwa madzi tsiku lonse m'kutentha kwa ku nyanja.

Pakapita masabata kapena miyezi, bowo la kathumba limatha kufinyika n'kukoka lenzi yatsopano yomwe inaikidwa pa opaleshoni. Laser ya YAG, kuwala kochekera m'diso, imalimasula ngati mwaona msanga. Choopsa china chimabwera mochedwa, kawirikawiri patapita zaka zisanu ndi zitatu kapena cha pomwepo: lenzi imatsetsereka pamodzi ndi kathumba kake. Glaucoma nayo siitha chifukwa ng'ala yachoka. Lembani mawu oti pseudoexfoliation m'buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo muuze amene wawaperekeza kuti agogo azibwera kudzayezetsa maso onse awiri chaka chilichonse. Akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kapena diso likachita mdima mwadzidzidzi, asadikire tsiku lomwe analemberedwa.