Mmene mungaunikire chaka cha nyimbo za mu Africa

Ine ndimasunga kope limodzi kuyambira Januwale, ndipo nanunso yambirani pamenepo. Mukadikira Disembala kuti mukumbukire, mutu umangokupatsani nyimbo za miyezi iwiri yapitayi. Nditenga chaka cha 2023 kuti muone mmene ndimachitira.

Nyimbo iliyonse ndimailembera madeti awiri: tsiku lomwe idatuluka ndi nthawi yomwe idagwira moto. Awiriwa sagwirizana kawirikawiri. Calm Down ya Rema wa ku Nigeria idatuluka mu 2022, chaka chomwechonso adaiimbanso ndi Selena Gomez, koma idafika pa nambala 3 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, mu 2023, ndipo mu Seputembala idamvetseredwa kopitirira ka 1 biliyoni pa Spotify. Kwa ine imeneyo ndi nyimbo ya 2023. Water ya Tyla wa ku Johannesburg idatuluka mu Julayi 2023, mphoto ya Grammy nkubwera mu Febuluwale 2024. Chimene muyenera kulemba pa 2023 ndi chakuti mu Juni eni mphotozo adalengeza gawo latsopano la nyimbo za mu Africa.

Kenako tsekani kope, mvetserani. Apa ndi pamene ambiri amathamangira, chonsecho nkhani yeniyeni ili pomwepa. Dzifunseni kuti ndi kamvekedwe kati kadawoloka malire chaka chimenecho. Mu 2023 kadali ka log drum, ng'oma yolemera ya mu mtundu wa nyimbo wa amapiano yomwe imagunda mpaka pachifuwa. Idabadwira m'makomboni a ku Gauteng ku South Africa, koma ikani chimbale cha Asake cha Work of Art kapena Timeless ya Davido, muimva ili ku Lagos ngati kwawo. Ndimatenga nyimbo zitatu za maiko osiyana nkuziika motsatizana. Khutu limagwira zomwe manambala sanena.

Zoimbaimba zikuluzikulu lembani mwachidule. Burna Boy adadzaza London Stadium mu Juni. Musaiwale oimba m'Chilingala ndi m'Chifalansa, poti nkhani zambiri za pa intaneti zimawadumpha: Fally Ipupa wa ku Congo adaimba ku Paris La Défense Arena mu Novembala.

Tsamba lomaliza ndi la maliro, ndipo limandivuta kulemba chaka chilichonse. Woimba wotchedwa AKA adawomberedwa ku Durban mu Febuluwale, Costa Titch adamwalira mu Malichi atagwa akuimba, Mohbad adatisiya mu Seputembala ali ndi zaka 27. Lembani zimene zatsimikizika zokha, mphekesera zisiyeni, chifukwa abale awo nawonso amawerenga.

Tsambali musalitseke msanga. Ine ndidamaliza kuunika kwanga kumayambiriro a Disembala nkuwatumizira anzanga, kenako pa 11 Disembala Zahara, woimba wa ku South Africa, adamwalira. Ndidatsegulanso kope, ndikuika nyimbo yake ya Loliwe pansipansi, nkulembanso ndime yonse yomaliza usiku womwewo.